Kodi n'zotheka kupalasa njinga kuchokera ku Area 25 kupita kuntchito ku City Centre?

"Ndine bambo wa zaka 42, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku City Centre. Ndatopa ndi kukwera kwa mitengo ya minibasi, ndipo mafuta akasowa ndimafika kuntchito 9 koloko itadutsa. Mwezi wathawu kuchipatala anandiuza kuti BP yanga yayamba kukwera, ndiyambe kulimbitsa thupi. Ndaganiza zogula njinga yakapalasa. Foni yanga ikuti ulendowu ndi wa makilomita 11. Koma mayi akunyumba akukanitsitsa, akuti ndikafera pamsewu. Anzanga akuti anthu aziona ngati ndasauka kapena ndayamba kabaza. Ndinasiya kupalasa ndili ku sekondale. Kodi maganizo angawa ndi anzeru? Ndigule njinga yotani? Komanso ndimasirira anthu amene ndimawaona akupalasa m'magulu Loweruka m'mawa, koma sindikudziwa poyambira."

Bambo, zikomo pofunsa musanagule, chifukwa ambiri amabwera kwa ine njinga atagula kale yolakwika. Ndakhala ndikukonza njinga komanso kupalasa mu mzinda uno kwa zaka zoposa 20, ndipo yankho langa ndi lakuti inde, n'zotheka, ndipo makilomita 11 si ulendo woopsa kwa munthu wa zaka zanuzo. Munthu wopalasa modekha amayenda makilomita 15 pa ola, choncho mudzifika m'mphindi 45 kapena kucheperapo thupi likazolowera. Lilongwe ilibe zitunda zothyola msana ngati za ku Blantyre. Zokwera zake n'zazitali koma zofatsa, makamaka mukamatuluka m'zigwa za mitsinje ngati Lingadzi.

Koma mayi akunyumbawo musawaone ngati amantha chabe. Akunena zoona kuti misewu yathu imapha opalasa njinga. Chimene ndaona pa zaka zonsezi n'chakuti chimene chimateteza munthu kwambiri si mtengo wa njinga yake ayi, koma msewu umene wasankha, nthawi imene wanyamukira, ndi malo amene amaima magalimoto akamakhota. Pamenepa ndi pamene ndikhalitsepo.

Kuchokera ku Area 25 muli ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Ina ndi yotulukira ku Kanengo n'kutsata M1. Imeneyo ndikukuletsani pamene mukuyamba kumene. Ndi msewu wa mathiraki ndi matankala, ndipo msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo kumadzaza malole opita ku okushoni. Thiraki ikakudutsani pafupi, mphepo yake imayamba yakukankhirani kunja kenako n'kukukokerani kumatayala ake akumbuyo, ndipo munthu amene sanazolowere amapepesuka. Inayo ndi ya Kaunda Road kudzera ku Area 49, n'kukhotera cha ku Bingu Stadium, kudutsa pa interchange (pamene msewu wina umadutsa pamwamba pa unzake) ya pa Area 18 mpaka pa raundabauti ya ku Nyumba ya Malamulo. Nayonso ili ndi magalimoto ambiri, koma ambiri mwa iwo ndi ang'onoang'ono, ndipo mbali yaikulu msewuwo ndi wotakata. Malo ovuta kwenikweni ndi pamene timisewu tolowa ndi totuluka timakumana ndi msewu waukulu pa interchange paja, chifukwa oyendetsa galimoto amakhala akuyang'ana magalimoto anzawo, osati inu. Masabata oyambirira tsikani, mukankhe njinga, muoloke ngati woyenda pansi. Zimangokudyerani mphindi ziwiri. Ineyo mpaka lero pali maraundabauti amene ndimatsika ndikaona kuti pathina.

Nthawi nayo ndi nkhani yaikulu. Msewu womwewo umene uli phee 6 koloko umakhala wina pofika hafu pasiti 7, pamene aliyense wachedwa ndipo minibasi zikulimbirana anthu. Nyamukani kutangocha. Pobwerera, kumbukirani kuti kwathu kuno mdima sumachedwa: mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo magetsi a m'misewu si odalirika. Ngati ntchito yakuchedwetsani, ndi bwino kusiya njinga ku ofesi n'kukwera minibasi kusiyana n'kupalasa mu mdima wopanda nyale. Timanjira tachidule ta m'madambo ndi m'minda ya chimanga n'tabwino masana, koma kukada kumakhala achifwamba, ndipo njinga yooneka bwino imawakopa.

Tsopano kayendedwe kake. Yendani kumanzere, mbali imodzi ndi magalimoto. Anthu ambiri amaganiza kuti kupalasa moyang'anizana ndi magalimoto n'kwabwino chifukwa ukuwaona akubwera. Zimenezo zimathandiza woyenda pansi, osati wa njinga. Woyendetsa galimoto akamalowa mumsewu amayang'ana mbali imene magalimoto akuchokera, ndipo inu mumatulukira mbali imene sakuyembekezera chilichonse. Musamamatirenso kumphepete kwenikweni kwa phula. Kumeneko n'kumene kumakhala mchenga, magalasi osweka, phula lonyenyeka ndi ngalande zosavindikira, ndipo mukakhala kumeneko mulibe kothawira. Siyani mpata pafupifupi mita imodzi, muyende mzere woongoka kuti wa kumbuyo adziwe chimene muchite. Mukafuna kukhota, chewukani kaye, kenako tambasulani dzanja nthawi ikadalipo.

Minibasi muziyitenga ngati galimoto imene ingaime paliponse, nthawi ina iliyonse. Mukaona munthu waima m'mbali mwa msewu akukweza dzanja, kapena kondakitala watulutsa mutu pawindo, dziwani kuti minibasi imene yangokudutsaniyo ikhotera kutsogolo kwanu. Zala zizikhala pa mabuleki. Akabaza a njinga zamoto nawonso achuluka kwambiri zaka zapitazi, ndipo ena amabwera mokudulirani kapena moyang'anizana nanu m'mbali momwe mukuyendamo. Muzimva ndi makutu omwe, choncho zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni m'chikwama.

Koma lamulo limene ndikufuna mulisunge kuposa onse ndi ili: musalowe kumanzere kwa thiraki kapena basi pamphambano, ngakhale itaima. Ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina m'mawa ndinapeza lole itaima podikira kulowa mumsewu waukulu, ndipo pakati pa iyo ndi ngalande panali kampata kokwana njinga. Ndinalowamo. Loleyo inanyamuka n'kukhotera kumanzere, indiketa osayatsa. Kutsogolo kwake kunadutsa patali, koma thupi lake linkabwera likutseka kampata kaja. Ndinadumphira mu ngalande, njinga n'kutsala. Nditadzuka ndinapeza limu yakutsogolo itapindika ngati chitsulo cha mbaula, masipoko ali balala. Dalaivala uja sanandione n'komwe, chifukwa pamene ndinaimapo galasi lake silifikapo. Matayala akumbuyo a galimoto yaitali amadula ngodya, sadutsa momwe adutsa akutsogolo. Ngati simukuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake, iyenso sakukuonani. Khalani kumbuyo, mudikire.

Zovala zodzitetezera si zambiri. Helemeti yokukwanani bwino, yomanga lamba pansi pa chibwano, osati yongokhazika pamutu. Ya pakaunjika muyiyang'anitsitse mkati: ngati chofewa chija chili ndi mng'alu, inagwapo kale ndipo ntchito yake inatha. Chovala chonyezimira chija amavala ogwira ntchito mumsewu n'chotchipa ndipo chimaoneka patali. Nyale yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo. Masiku ano ziliko zotchaja ngati foni. Ndi belu. Helemeti imateteza mutu mukagwa, koma sikuletsa galimoto kukugundani, n'chifukwa chake ndayamba ndi nkhani ya msewu.

Pa funso la njinga yoti mugule, musatengeke ndi zonyezimira. Njinga zatsopano zotchipa zokhala ndi masipuling'i kutsogolo ndi pakati zimaoneka zapamwamba, koma n'zolemera, mphamvu zanu zimathera m'kudumphadumpha, ndipo pakatha miyezi yochepa zimayamba kulira paliponse. Pa ulendo wanuwu ndingasankhe njinga yamagiya ya pakaunjika yokhala ndi fulemu yolimba, yopanda sipuling'i pakati, ya matayala a saizi 26, chifukwa machubu, matayala ndi masipoko ake amapezeka ngakhale kwa wokonza njinga wa pansi pa mtengo. Muichotse matayala a zibuluma aja n'kuika osalalako, mudzadabwa kupepuka kwake paphula. Njinga zopanda magiya ngati Buffalo, zimene kaliyala yake anaipangira katundu wa makilogalamu 100, n'zolimba zedi ndipo sizivuta kukonza, koma pa zitunda muzimva kulemera kwake. Njinga za mpikisano za timatayala toonda zisiyeni kaye. Maenje athu amazipinda malimu.

Pogula tengani munthu wodziwa. Ayang'ane ming'alu pamene mapaipi a fulemu anawotcherera, aone ngati foloko (chitsulo chogwira tayala lakutsogolo) ili yoongoka, azungulitse matayala kuti aone ngati sakuvina, agwedeze mapedulo ndi mahandulo ngati sakugwedera. Dzimbiri lapamwamba si vuto, koma fulemu yong'aluka musagule ngakhale atatsitsa mtengo bwanji. Yesani mabuleki muli chiimire kuti mudziwe dzanja limene likugwira tayala lakutsogolo, chifukwa njinga za pakaunjika zimachokera kumayiko osiyanasiyana ndipo zina buleki yakutsogolo ili kumanja, zina kumanzere. Ndaonapo anthu akuuluka pamwamba pa mahandulo chifukwa chofinya dzanja lolakwika. Pemphani lisiti, ndipo mutembenuze njingayo mujambule nambala imene imadindidwa pansi pa fulemu, pakati pa mapedulo. Ikabedwa, nambala imeneyo ndi umboni wanu kupolisi. Wogulitsa wokana kulemba lisiti, mtengo uli wotsika modabwitsa, musiyeni apite ndi njinga yake. Loko mugule yolimba, muzimanga fulemu ku chinthu chosasuntha, osati tayala lokha.

Chishalo ndicho chimagwetsa ulesi anthu ambiri obwerera ku njinga atakula. Ambiri amachitsitsa kuti mapazi onse azifika pansi atakhala, kenako mawondo amayamba kuwawa. Khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke. Mukabweza phazi n'kupondera kutsogolo kwake, bondo lipindike pang'ono. Ndi pamenepo. Matako adzawawa sabata yoyamba ndi yachiwiri, zimenezo n'zachibadwa ndipo zimatha. Koma dzanzi kumalo obisika silofunika kupirira: weramitsani mphuno ya chishalo pang'ono kapena musinthe chishalo, ndipo likapitirira kaonaneni ndi adokotala. Gwiritsani ntchito giya yopepuka miyendo izizungulira msanga, kusiyana n'kukankha giya yolemera.

Kasamalidwe kake ndi kochepa. Popani matayala sabata iliyonse, chifukwa tayala lofewa ndilo limatsina chubu mukagunda dzenje. Tcheni muzichipukuta ndi kasanza n'kudonthezera oyilo woyera pang'ono. Oyilo wakuda wotsala mu injini amakoka fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala n'kusanduka phala lodya mano a magiya. M'chikwama muzikhala chubu chapadera, pampu, zotsegulira tayala ndi sipanala. Ndipo pezani wokonza njinga mmodzi wa kwanuko amene muzimudalira, aziidziwa njinga yanu.

Walira mvula walira matope, ndiye kuyambira Novembala mpaka Epulo konzekerani. Ikani madigadi. Malimu akanyowa mabuleki amachedwa kugwira, choncho yambani kufinya mukadali patali. Chithaphwi chilichonse muzichiyesa dzenje mpaka mutadziwa msewuwo bwino, ndipo madzi othamanga odutsa pamsewu kapena pa kamlatho musawayese. Mvula ya mabingu ikayamba, bisalani pakhonde la sitolo. Za thukuta musade nazo nkhawa kwambiri: m'mawa kuno kumazizira miyezi yambiri. Siyani nsapato ndi jekete ku ofesi, malaya muwapinde mu pulasitiki, katundu mumange pa kaliyala osati kumsana, mufike mphindi 15 nthawi isanakwane kuti mupukute thupi n'kusintha.

Nkhani ya BP ndiyofunika tiyikambe mosamala. Kupalasa kumathandiza mtima, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Inu mukapalasa kupita ndi kubwera masiku awiri okha, mwadutsa kale pamenepo. Koma ine ndine wa njinga, si dokotala. Musanayambe, bwererani kumene anakuyezani mukawauze za maganizo anuwa, akuyezeninso, ndipo ngati anakupatsani mankhwala musasiye chifukwa choti mwayamba kupalasa. Yambani ndi mphindi 20 m'misewu ya m'dera lanu kwa masabata awiri, pa liwiro loti mungathe kulankhula. Kenako kuntchito kawiri pa sabata, n'kumaonjezera. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena kunsagwada, chizungulire, kapena kubanika kosagwirizana ndi liwiro lanu, imani pomwepo, musapalasenso, mupeze galimoto yokutengerani kuchipatala. Chimodzimodzi mukagwa n'kumenyetsa mutu: kusanza, kuiwala zimene zachitika, kusinza kapena mutu wopitirira kuwawa ndi zizindikiro zothamangira nazo ku Kamuzu Central kapena chipatala chilichonse chapafupi, ngakhale kunja kulibe bala. Galu akakulumani, poti agalu amakonda kuthamangitsa njinga, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Ngati mwagundidwa ndi galimoto, lembani kapena jambulani nambala yake, mutenge manambala a mboni, mukanene kupolisi.

Za anzanu amene akuti muzioneka ngati wa kabaza zimandipweteka mtima, osati chifukwa cha inu koma chifukwa cha akabazawo. Mudzadzuke tsiku lina 5 koloko mukaime pa msewu wa Likuni kapena wa Mchinji. Mudzaona mzere wa njinga ukulowa mu mzinda: matumba a makala, mitolo ya nkhuni yotalika kuposa mwini wake, madengu a tomato, nkhuku, alonda akuweruka, amisiri akupita ku maganyu. Mzinda uno, umene kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, umadya ndi kuphika zinthu zobwera pa njinga. Anthu amenewa ndi akatswiri a msewu, ndipo zambiri zimene ndakuuzanizi ndinaziphunzira poyenda kumbuyo kwawo. Vuto lathu n'lakuti Lilongwe, chikhalireni likulu mu 1975, yakhala ikumangidwa motalikirana ngati kuti aliyense ali ndi galimoto, ndipo amene amapanga ziganizo za misewu sapalasa. Ku Netherlands, kumene lero anthu a maudindo amapita kuntchito pa njinga, sizinayambe zokha. Mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa ngozi za pamsewu m'dzikolo, ana oposa 400 ali m'gulu limenelo, makolo anakwiya n'kuyamba zionetsero, kenako vuto la mafuta la mu 1973 linawakankha kuyamba kumanga njira za njinga. Ku Bogotá, m'dziko la Colombia, amatseka misewu ya makilomita oposa 100 Lamulungu lililonse kuti anthu apalase ndi kuyenda pansi, mwambo umene unayamba mu 1974. Kigali, likulu la Rwanda, nayo inayamba masiku opanda galimoto mu 2016. Ndimakhulupirira kuti munthu wa mu ofesi ngati inu akayamba kupalasa, mawu opempha njira za njinga amafika m'zipinda zimene wogulitsa makala saloledwa kulowamo. Mukafunse kuntchito kwanu malo otetezeka osungira njinga. Mudzapeza kuti alonda ndi otumikira akhala akuwafuna kwa zaka.

Zopalasa kokasangalala ndiye mudzazikonda. Lamulungu m'mawa City Centre imakhala ngati mudzi wosamuka. Mutha kuzungulira Capital Hill, kudutsa pa manda a Kamuzu ndi Nyumba ya Malamulo, n'kulowa m'misewu ya mithunzi ya ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene magalimoto ndi ochepa. Cha mu Seputembala ndi Okutobala mitengo ya jakaranda imathothola maluwa ake paphula, msewu n'kusanduka wofiirira. Miyendo ikalimba, yesani njira ya Likuni kulowera ku Malingunde kumene kuli Kamuzu Dam, kapena ya ku Bunda, ulendo wa makilomita pafupifupi 30 kupita kokha, phiri la Bunda likukula pamaso panu. Msewu wa bypass wochokera ku msewu wa Mchinji kukatulukira cha ku Bunda turn-off ndi wosalala ndipo opalasa ambiri amaukonda, koma anaumangira mathiraki odutsa, choncho upiteni m'mamawa ndipo musakhale nokha. Tengani madzi okwanira, nthochi kapena mbatata yootcha, ndalama pang'ono, ndi kapepala kolemba nambala ya mayi akunyumba.

Magulu mumawaonawo si ovuta kulowamo monga amaonekera ndi zovala zawo. Ambiri amapangana pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo ogulitsa ndi okonza njinga zamagiya amadziwa kumene amakumana. Apatseni moni pamene aima, mufunse mtunda umene amayenda, liwiro lawo, komanso ngati amadikira wotsalira. Gulu losiya munthu yekha panjira si loyambira. Kuyenda awiri si mantha: magalimoto amapereka mpata kwa gulu kuposa kwa munthu mmodzi, ndipo tayala likaphwa pali wokuthandizani. Mukakhala pagulu musayandikize tayala lanu ku la mnzanu mpaka mutazolowera, ndipo mukaona dzenje lozani ndi dzanja kuti wa kumbuyo adziwe.

Mayi akunyumba musakangane nawo, asonyezeni. Mukagula njinga ndi kuyesera m'dera lanu masabata awiri aja, sankhani Lamulungu limodzi mupalase njira yonse ya kuntchito magalimoto ali ochepa, muwerenge mphindi, muone pamene pali maenje ndi pamene muzitsika. Mukabwerako muwafotokozere njirayo malo ndi malo, muwaonetse helemeti ndi nyale, ndipo mupangane kuti muziwatumizira uthenga mukangofika ku ofesi komanso kuti kukada simupalasa. Ngati nawonso anapalasapo ali mtsikana, bwerekani njinga yachiwiri mupite nawo ku Area 10 Lamulungu lotsatira, kumene angayambirenso popanda minibasi kumbuyo kwawo.